Liwiro lomaliza m'mphepete mwa Chambe

Basi ya koleji inanyamuka ku Limbe Lachisanu cha m'ma 2 koloko masana, ife anthu 14 titathithikana ndi zikwama, mapoto awiri ndi thumba la ufa. Kwa zaka zinayi malo anga anali mpando wakumbuyo, komwe ndinkatsinzina n'kumawerengera mphindi za liwiro m'mutu mpaka tifike. Ulendo uno ndinapempha wa pawindo. Mayeso omaliza ndinali nditalemba, ndipo mpikisano wa Porters Race ku Mulanje ndiwo unali wotsiriza kuti ndivale jezi ya timu yathu.

Msewu wa Midima ndaudutsa kambirimbiri, koma tsikuli ndi pomwe ndinaona mmene phiri la Mulanje limakulira pang'onopang'ono, poyamba ngati mtambo wamvula, kenako ngati khoma. Pa Chitakale tinakhotera mumsewu wa ku Phalombe, Akochi n'kuimitsa basi kuti tigule nzimbe. Mayi wogulitsayo ataona nsapato zathu anafunsa ngati tikupita kokathamanga m'phiri. Titavomera, anawonjezera nzimbe imodzi ya basera. "Mukatsike bwino, ana anga. Kukwera aliyense amakwera, miyendo imathyokera potsika."

Tisanafike pa Likhubula, Chambe anaonekera, phokoso lonse m'basi n'kuti zii. Nsonga yake ili pa mamita 2,557, kutsalira kwa Sapitwa amene ali pa 3,002, koma Sapitwa amabisala mkati mwa phiri pomwe Chambe amakuyang'ana kumaso. Thanthwe lake lakumadzulo, lotalika mamita pafupifupi 1,700, limakoka akatswiri okwera ndi zingwe ochokera kunja, ndipo dzuwa lamadzulo linali litalipaka kufiira ngati mbaula. Mtsikana wa chaka choyamba amene anakhala pambali panga anandigwira mkono.

"Achimwene, mawa tikwera pamenepo?"

"Ayi achemwali, ife tidzera m'mbali. Koma kumeneko nakonso mukakumva m'ntchafu."

Usiku tinaphika nsima ya nyemba, tikuotha moto poti Julaye wa ku Mulanje sachita chibwana. Akochi ali ndi mwambo wawo. Amatenga jezi ya aliyense n'kumangirira okha nambala ndi mapini anayi, osalola wina kuwathandiza. Atafika pa yanga anachedwa nayo, akuiwongola ndi chikhatho ngati akusita. Sananene kanthu, nanenso sindinanene.

Mpikisanowu unayamba ngati wa anthu onyamula katundu wa alendo ndi olondolera njira m'phirimu, ndipo ngakhale lero aliyense amaloledwa, eni ake akadali iwowo. Ndi makilomita pafupifupi 25: kuchoka pa Likhubula, kukwera mpaka pa Chambe, kudutsa ku Lichenya, n'kutsikanso. Mlendo woyenda ndi chikwama amatha maola atatu kapena anayi kuti angofika pa kanyumba kogona alendo ka pa Chambe. Opambana amazungulira mtunda wonsewo maola awiri ndi theka asanakwane. M'mawa mwake, ife ozolowera bwalo losalala tinaphunzira ulemu pa chitunda choyamba. Bambo wina wa imvi m'mutu, nsapato zake zotha kumphuno, anandipitirira akupuma ngati akupita kumunda, n'kundiuza kuti, "Tizidutswa ting'onoting'ono, mphwanga, osatambasula mwendo." Ndinamvera, mtima n'kukhazikika.

Wotchi ndinali nditaisiya m'chikwama dala. Nditatulukira pamwamba, m'chigwa cha Chambe, mphepo yozizira inandimenya pachifuwa chonyowa ndi thukuta, nkhungu ikuyenda pansi pa mapazi anga. Ndinaima pa kamtsinje n'kumwa madzi ndi manja. Kale sindikanaima, ndipo ndikanapitirira zinthu zimene zikundisautsa mpaka lero. Zitsa zili mbwee. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse koma m'phiri lino, watsala pang'ono kutheratu ndi macheka ndi moto. Patali, mizere yoyera ya miyala imene inagumuka ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023 ikadali ngati zipsera pankhope, ndipo pansi pake pali midzi imene inalira maliro ambiri. Pafupi ndi njira ndinaona timbande ta mkungudza tobzalidwa kumene, tosafika m'bondo. Amene anatibzala sadzaona n'komwe matabwa ake. Ndinatilambalala mosamala.

Za ku Lichenya ndikukumbukira udzu wofiirira ndi kupuma kwanga basi. Potsika, mawu a mayi wa nzimbe aja anapherezera. Mawondo ankanjenjemera, miyala ikuterera, ndipo penapake ndinatsika chokhala pansi. Kenako ndinayamba kumva ng'oma ndi nthungululu kumunsi, ana akuthamanga m'mbali mwanga akukuwa nambala yanga. Opambana anali atasamba kale. Akochi anandilandira ndi botolo la madzi, n'kundigwira paphewa kwa nthawi yaitali.

Masana tonse tinakwera pang'ono kupita pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe akuluakulu amati kale pankaoneka mizimu ya okalamba. Tinaviika miyendo m'madzi ozizira ngati akuluma, tikudya mbatata yootcha, wina akuyambitsa nyimbo yathu ya m'basi, ena n'kulandira. Mtsikana uja anamaliza mpikisano bondo litasupuka, koma ankangofunsa kuti chaka chamawa adzayambe liti kukonzekera zitunda.

Pobwerera ndinachotsa nambala pa jezi, mapini anayi aja n'kumupatsa iye. Anawakulunga m'kapepala n'kuika m'thumba la chikwama. Basi itakhota pa Chitakale, ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo, koma chiperoni chinali chitatsika kale, Chambe osaonekanso.