Kalata kwa Naphiri, Wopita ku Zomba

Wokondedwa mwana wanga Naphiri,

Kalatayi ndaiika pansi pa chitenje chimene amayi ako akulungiramo mtedza, kuti uiwerenge utafika ndi kupumula, osati mu minibasi anthu akukupanikiza. Dzulo pakhonde ndinangoti uyende bwino chifukwa panali alendo, komanso pakamwa panga pamalemera ndikafuna kunena za ine mwini.

Wandiuza kuti pamwamba pa maphunziro ako a digiri yachiwiri uzithandiza kuphunzitsa a chaka choyamba, ndipo pa tchuthi uzipita m'midzi kukachita kafukufuku. Ntchito ya m'midziyo ndinaigwirapo, koma sindinakuuzepo zonse.

Mu Disembala 2004, ndikuphunzitsa Sitandade 6, bungwe lina linatilemba ganyu aphunzitsi angapo kuti tizifunsa mabanja za ulimi, matenda ndi maliro. Tsiku lililonse ankafuna mafomu 8 odzaza, ndipo alawansi inkatsata mafomuwo. Lachinayi lina mvula inagwa usiku wonse, mtsinje unadzaza, ndipo nyumba zitatu zimene zinali pa mndandanda wanga zinali kutsidya. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, fomu pabondo, n'kuyamba kudziyankha ndekha. Banja loyamba ndinalipatsa mbuzi ziwiri. Lachiwiri ndinalipatsa ana anayi, onse amoyo. Lachitatu ndinalilembera kuti limadya katatu patsiku, chifukwa bokosi limenelo ndi limene linali pafupi ndi cholembera. Anzanga ankati kumeneko n'kuphika, ndipo tinkaseka.

Palibe anandigwira. Patapita sabata ziwiri ndinaoloka kukapepesa maliro, ndipo ndinadutsa pa nyumba yachitatu ija. Munali gogo wina yekha ndi zidzukulu ziwiri zamasiye, akuphika mango osapsa mu mphika wa ndiwo. Katatu patsiku! Pepala langa linali litapita kale, litalowa mu kompyuta, litasakanizidwa ndi mayankho oona a anthu ena, moti ngakhale ndikanafuna kulibweza sindikanalipeza. Amene anawerenga lipoti lija anakhulupirira kuti kutsidya kuja kulibe njala yoopsa, ndipo mwa amene anawanamiza ndinalipo ine bambo ako, mkulu wa mpingo. Masiku ano mumayenda ndi matabuleti osonyeza pamene munthu waima ndi nthawi imene watha akufunsa, koma wofuna kuphika amaphikabe. Amangokaphikira pafupi ndi nyumbayo. Mtsinje ukadzaza, lemba kuti mtsinje unadzaza. Alawansi ya tsikulo ikapita, ndiuze, ndidzagulitsa nkhuku.

Tsopano za kulowa m'mudzi. Yamba kwa a mfumu, zimenezo ukuzidziwa. Koma chilolezo cha a mfumu n'cha mudzi, si cha munthu. Mayi amene wauzidwa ndi nyakwawa kuti akhale pakhomo kudikira alendo a ku yunivesite sangakukanire, ngakhale mumtima asakufuna, makamaka akaona kuti m'chikwama mwako muli sopo wa Sunlight wogawira oyankha. Ndiye usafulumire kumudinditsa chala. Muuze m'chinenero chake, osati cha pa fomu, kuti ndiwe yani, zimene anene zipita kuti, ndiponso kuti akhoza kukana kapena kulekera panjira popanda mlandu. Adzakufunsa kuti, "Kodi mutilemba pa makuponi a feteleza?" Yankha kuti ayi. Ndinaona anzanga akuyankha kuti "mwina", ndipo mwina ameneyo anatsegula zitseko zambiri chaka chimenecho n'kutseka zonse chaka chotsatira. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Usawaseke anthu akamakukayikira. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu anaphedwa pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma amenewo. Kupha kuja kunali kulakwa kwakukulu, ndipo opopa magaziwo palibe anawaona. Koma mantha oti alendo ophunzira amabwera kudzatenga kanthu kwa osauka n'kupita osabweza kalikonse sanagwe kumwamba. Ku America, ku Tuskegee m'chigawo cha Alabama, madokotala a boma anatsata amuna achikuda pafupifupi 600 kuyambira 1932 mpaka 1972, ambiri mwa iwo odwala chindoko, osawauza matenda awo ndi osawapatsa penisilini ngakhale atapezeka kuti amachiza, pofuna kungoona mmene matendawo amamalizira munthu. Boma lawo linapepesa mu 1997. Makomiti amene akuchedwetse asanakulole kupita m'midzi, ya pa yunivesite kapena ya ku National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, anabadwa chifukwa cha nkhani zotere. Adzakutopetsa ndi mapepala, koma pirira.

Chimene ndikufuna usaiwale kuposa zonse ndi chinsinsi. Munthu akakuuza za m'nyumba mwake wakusungitsa katundu. Mnzanga wina pa ganyu yomweyi anafunsa mayi wina za njira zolerera atakhala pa mphasa pafupi ndi nkhokwe, osayang'ana kuti kuseri kwa nkhokweyo mwamuna wake akusema mpini. Mayiyo anaulula kuti amakabayitsa jekiseni mwamuna wake osadziwa. Madzulo ake anagona kwa mlongo wake, nkhope itatupa. Mnzangayo sananene bodza, sanabe kanthu. Anangoiwala kuzungulira nkhokwe. Iwe uzizungulira. Ndipo pochotsa dzina la munthu m'zolemba zako usaganize kuti wamaliza. Ukalemba kuti "mayi wamasiye wogulitsa kachasu pafupi ndi mjigo", mudzi wonse wamudziwa. Zojambula mawu usazisunge pa foni imene umabwereketsa anzako, ndipo nkhani zoseketsa za m'munda wa kafukufuku zisamafike pa WhatsApp. Ngakhale ine ndikakufunsa kuti uje anati chiyani, undikanize.

Za m'kalasi sindichulutsa, poti unakulira m'nyumba ya mphunzitsi. Malikisi si mphatso, si chikwapu. Mwana wa azakhali ako akadzapezeka m'kalasi mwako, uza akuluakulu kuti pepala lake achonge wina. Ndipo poti ndiwe mtsikana ndinene poyera: wamkulu aliyense amene adzati digiri yako idutsira kuchipinda kwake, usamusungire ulemu, kamunene. Usaopenso kuphunzitsa zimene zili zoona. Unali wamng'ono mu Febuluwale 2011 pamene mphunzitsi Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi Peter Mukhito chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi ku Chancellor College, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anzake ananyanyala kwa miyezi yambiri pofuna kuti za m'kalasi zisamakathere kupolisi. Ufulu umenewo waupeza ena atauvutikira. Ophunzira ako nawonso uwapatse: wotsutsana nawe asalephere mayeso chifukwa chokutsutsa.

Polemba, mawu a mwini uziti ndi a mwini. Kukopera ndi kuba, ngakhale mwini wake ali kutali ku London ndipo sadzadziwa. Komanso kuli kuba kwina kumene anthu ophunzira sakuchita nako manyazi: mnyamata wa m'mudzi amene anakutanthauzira Chiyao miyezi itatu, nakuuza kuti funso lako lachisanu n'lotukwana, dzina lake osaoneka paliponse, pamene bwana amene sanaponde m'mudzimo ali pamwamba pa pepala. Iwe ukali wamng'ono, sungasinthe zonse, koma kambiranani za mayina ntchito isanayambe, osati itatha. Amene wapereka ndalama za kafukufuku akafuna kuti zotsatira zikome, mukumbutse kuti analipira kufufuza, sanagule yankho.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, wofufuza wina, J. Clyde Mitchell, anakhala m'midzi ya Ayao kuno kummwera, ndipo mu 1956 anatulutsa buku lotchedwa The Yao Village. Aphunzitsi ako adzakuuza kuti n'lofunika, ndipo sindikutsutsa. Ine funso langa n'lakuti, mwa zidzukulu za anthu amene anamulandira, ndi angati analiona? Linalembedwa m'Chingerezi, n'kukakhala m'malaibulale. Iwe ukadzamaliza, bwerera komwe unafunsa, upemphe a mfumu aitanitse anthu pabwalo, uwauze zimene unapeza m'chinenero chimene anakuyankhira. Akakutsutsa, lembanso zimenezo.

Gogo wa kutsidya uja anamwalira kalekale. Mmodzi wa zidzukulu zake ndi amene amatigulitsa makala, ndipo mpaka lero sindinamuuze.

Mtedzawo ugawireko anzako a m'chipinda. Ukafika imbira pa foni ya amayi ako, yanga batire yafa.

Ndatha ine,
Bambo ako