Maulendo a Loweruka ku Harare

Kwathu ndi kwa Chitukula, kumpoto kwa Lilongwe, dziko la dothi lofiira ndi fodya wa chikopa. Pamene ndidali mnyamata padalibe mudzi wopanda munthu wake ku Harare kapena ku Joni. Ena adapita ndi Wenela kukakumba golide, ena adalembedwa ndi Mthandizi kukalima m'mafamu a Azungu, ndipo ena adangonyamuka okha ndi kamba wao m'thumba. Amene sadabwerenso tinkawatcha machona.

Ine ndidachoka m'chaka cha 1962, fodya wa atsibweni anga atagulidwa pa mtengo wochititsa manyazi, msonkho nao ukundidikira. Tidadzera ku Dedza ndi kulowa m'dziko la Apwitikizi, tidaoloka Zambezi pa pantoni pa Tete, kenaka Mtoko, mpaka tidafika mu Salisbury. Limeneli ndilo dzina limene Azungu adaupatsa mzindawo, koma ife tinkangoti Harare, potengera lokeshoni yaikulu ya anthu akuda imene lero itchedwa Mbare. Mzinda wonse udalandira dzina la Harare m'chaka cha 1982.

Ndidapeza ntchito m'nyumba ina yaikulu yosankhiramo ndi kumangiramo fodya, pakuti mwana wa ku Lilongwe adziwa tsamba angakhale mu mdima. Ndinkagona ku Matapi, m'nyumba zosanja za amuna okhaokha, anthu ambiri m'chipinda chimodzi. Za ntchito sindinena zambiri, chifukwa Lolemba afanana ndi Lachiwiri kulikonse. Ndifuna kusimba za masiku awiri otsiriza a mlungu.

Awerengi, kodi mudalingalirapo za dzina ili lakuti Loweruka? Ndilo tsiku loweruka ku ntchito. Kumudzi dzinali liribe kulemera kwake, popeza khasu silidziwa belu. Koma kwa munthu waganyu m'dziko la eni, belu la masana a Loweruka liri ngati kumasulidwa kwa mbuzi pa chikhomo. Kuyambira pamenepo kufikira m'mawa wa Lolemba, miyendo yako iri yako.

Loweruka lina ndiri pa msika wa Musika ndidamva munthu wina akuvutana ndi mai wogulitsa ndiwo. Adaiwala kuti Ashona amati muboora, tsono adangoloza ndi chala nati, "Nkhwani uyu, mai, nkhwani!" Ine ndidaseka mokweza. Munthuyo adacheuka nandifunsa, "Inu mwasekanu, kwanu n'kuti?" Ndidati kwa Chitukula. Iye adaomba m'manja nati, "Ogo! Ine kwathu n'ku Nambuma. Ndiye kuti tidamwa madzi amodzi." Dzina lake sinditchula, pakuti abale ake alipo. Adali wondiposa zaka zisanu, wamtali, wokonda nthabwala, ndipo ankagwira ntchito yonyamula katundu ku njanji.

Tikadakumana kumudzi sindikhulupirira kuti tikadapalana ubwenzi. Iye adali Mroma, ine wa mpingo wa Nkhoma, ndipo masiku amenewo Mroma ndi Mdatchi ankalambalalana ngati mkamwini ndi apongozi ake. Koma kuchilendo mipanda yotere imagwa yokha. Myao wa ku Mangochi, Mtonga wa ku Nkhata Bay, Msena wa kwa Apwitikizi, Mnsenga wa ku Petauke, tonse tinkaitanana achimwene, mau amene ife Achewa a ku Lilongwe tidakawaphunzirira komweko. Eni dziko naonso sankatisiyanitsa. Kwa iwo tonse tidali Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre, ngakhale ine Blantyre ndidali ndisadamuone ndi maso.

Chuma chathu choyamba chidali njinga. Titagula aliyense yake, mzinda udatichepera. Tinkanyamuka Loweruka dzuwa litapendeka, bulangete kumbuyo, shuga ndi sopo m'kathumba. Tsiku lina tinkatsikira ku Mazowe, kumene kudali minda ya malalanje yosaoneka malekezero ndi damu lalikulu pakati pa mapiri. Tsiku lina tinkalowera kum'mawa ku mgodi wa golide wa Arcturus. Ku Shamva ndi ku Bindura n'kutali, tsono tinkakwera basi pa Musika pomwepo. Sitinkapita kukaona mapiri ai. Tinkatsata anthu. M'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi Chinyanja chinkamveka koposa Chishona, ndipo ukangotchula mfumu ya kwanu, wina ankatuluka m'nyumba nati, "Amai anga adali a kwa Kabudula," kapena, "Ine ndidakwatira ku Nsaru." Pomwepo nkhuku yafa, mphasa yayalidwa.

Usiku wa Loweruka kunkalira ng'oma. Ayao ankavina beni atavala ngati asilikari, ndipo Achewa ankatulutsa gule wamkulu, amene Ashona ankamutcha zvigure ndi kumuopa kwambiri. Ine monga munthu wa mpingo ndinkaima chapatali, monga adandiphunzitsira. Koma ndiulule kuti kulira kwa mbalule m'dziko la eni kunkandigwetsa misozi, chifukwa ndikatsinzina ndinkaona bwalo la kwathu ndi mtengo wake wa kachere. Lamulungu loyamba la mwezi sitinkachoka mu mzinda. Lidali tsiku la sosaite ya maliro, pamene aliyense ankaponya masheleni ake m'mbale, kuti wina akamwalira asaikidwe ndi akaidi ngati munthu wopanda mtundu. Mantha amenewa adali akulu mwa ife kuposa mantha a njala.

Chimene chidatichititsa kulandiridwa bwino m'makombonimo chidali cholembera changa. Ndidalekeza sukulu mu Sitandade 3, koma pakati pa anthu aja ndidali ngati mphunzitsi wamkulu. Lamulungu m'mawa ankandikhazika pa mpando pansi pa mtengo, ndipo amuna ankabwera mmodzimmodzi ndi makalata okwinyika amene adawasunga milungu itatu kapena inai osadziwa za m'kati mwake. Inu amene mukuphunzira kuwerenga tsopano muli akuluakulu, mudziwa bwino chimene ndikunena. Ndidaona bambo waimvi akumva kuchokera pakamwa pa ine mwana kuti mkazi wake wakwatiwa ndi wina. Adangoti, "Werenganinso pamenepo," ndipo nditawerenganso adapinda kalatayo bwinobwino naiika m'chipewa.

Mnzanga wa ku Nambuma naye sankadziwa kulemba, tsono makalata ake onse adali a dzanja langa. Iye ndiye adali mwini mbumba kwao. Mlongo wake ankamlembera kawiri kapena katatu pa chaka: denga la amai likudontha, mwana wakuti watha msinkhu, mlandu wa munda ukusowa mwamuna wokauyankhula. Mnzangayo ankamvetsera atazolika, kenaka nati, "Lembani kuti ndiri bwino. Lembani kuti ndibwera chaka chamawa akakolola." Ine ndinkalemba, ndipo poona kuti mauwo achepa ndinkaonjezapo anga okometsera, kuti ndikusunga ndalama za malata, kuti ndimakulotani usiku. Ndinkayesa kuti ndikuchita chifundo.

Ndalama za malata kudalibe. Pano ndiyenera kunena zoona za maulendo athu aja: adali okoma, koma ankadya. Mlendo sapita chimanjamanja, ndipo mnzangayo adali wopatsa mopitirira. Chimene tinkasunga masiku asanu chinkatha masiku awiri. Munthu sungabwerere kumudzi patapita zaka zisanu uli ndi njinga yokha, tsono umati ndidikire chaka china, ndipo manyazi amakula pamodzi ndi zaka. Machona ambiri amene ndidawadziwa sadaiwale kwao ai. Ankakutchula tsiku ndi tsiku.

Pa ulendo wina wa ku Arcturus adaonana ndi mkazi wa Chizezuru wa ku Goromonzi, ndipo m'chaka cha 1967 adamkwatira. Adalipira ng'ombe monga mwa mwambo wa kumeneko, ife abwenzi ake titasonkherana. Apa padali mfundo imene tonse sitidaione. Kwa Ashona mwana ndi wa bambo, kwa ife Achewa mwana ndi wa mai. Tsono ana a mnzangayo, kwa amai ao ankawayesa a ku Malawi, pamene ku Nambuma akadawayesa a ku Goromonzi. Adalibe munda uku ndi uko. Ana otere adachuluka m'dziko lija, ndipo adadzaona zowawa pambuyo pake. Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, ambiri adasowa kolowera, ndipo lamulo la 2001 lidawachotsera ambiri unzika, zitupa zao zikuwatcha alendo m'dziko limene adabadwiramo. Malamulo akulu a dzikolo a 2013 ndiwo adawabwezera unzikawo.

Maulendo athu adayamba kuchepa. Boma la Ian Smith litadzilamulira lokha mu Novembala 1965, maiko adakana kugula fodya wa Rhodesia, ndipo ntchito yathu idalowa pansi. Kumapeto kwa 1972 nkhondo idabuka cha ku Centenary, ndipo njira za kumpoto zidadzala asilikari ofunsa chitupa. Mlendo wofika m'komboni usiku sankalandiridwanso ndi nkhuku, koma ndi maso okayika. M'chaka cha 1975 ndidamanga katundu wanga. Ndidamuumiriza mnzangayo kuti tipitire limodzi, iye nati, "Tsogolani achimwene, mukawauze kuti ndikubwera." Adandipatsa nsalu ziwiri ndi bulangete kuti ndikapereke kwao. Pa Tete tidapeza mlatho m'malo mwa pantoni, ndipo Lilongwe ndidampeza atasanduka likulu la dziko. Mu Malichi 1976 Samora Machel adatseka malire a Mozambique ndi Rhodesia, njira ija n'kufa kufikira nkhondo itatha.

Nditapuma mlungu umodzi ndidapalasa njinga kupita ku Nambuma. Amai ake ndidapeza adamwalira kale. Mlongo wake adandiyalira mphasa, nalandira nsaluzo ndi manja awiri, kenaka adalowa m'nyumba natuluka ndi chitini cha masikono. M'menemo mudali makalata onse a zaka khumi ndi zitatu, omangidwa ndi luzi. Ndidazindikira dzanja langa. Maiyo adati, "Aphunzitsi amene ankatiwerengera adatiuza kuti dzanja ili ndi la munthu mmodzi. Kodi ndinu?" Ndidavomera. Adakhala chete kanthawi, nafunsanso, "Tsono mau akuti ndimakulotani usiku, adali ao kapena anu?"

Ndidayang'ana pansi. Ndidati, "Mai, akuti ndibwera adali ao. Enawo ndidaonjeza ndine." Sadandikalipire. Adamanganso makalatawo ndi luzi lomwe lija, nauza mwana kuti agwire nkhuku.

Kuyambira pamenepo ndinkapitako kamodzi pa chaka, anthu akakolola. Mnzanga uja adandilembera kawiri kokha ndi dzanja la munthu wina, pambuyo pa ufulu wa Zimbabwe wa 1980. M'chaka cha 1994 idafika kalata yachitatu, yolembedwa ndi mwana wake wamwamuna m'Chishona chosakaniza ndi Chingerezi. Idati bambo adamwalira mwezi wa Juni, a sosaite adawaika bwino ku Harare, ndipo pa maliro padali anthu ambiri a m'mafamu ndi m'migodi. Mwanayo adafunsanso ngati mudzi wa bambo wake ulipobe, ndi dzina la mfumu yake.

M'mawa mwake ndidapopa njinga ndi kupita ku Nambuma. Ndidawawerengera maiwo kalatayo m'Chichewa, mzere ndi mzere, osachotsapo kapena kuonjezapo. Atatha kulira adapukuta m'maso ndi nsalu nati, "Muli nacho cholembera? Mlembereni mwanayo dzina la mfumu. Mulembe zokhazo zimene ndinene ine."