Labala wobisika m'pule ya Land Cruiser

Ukadutsa msika wa Ndirande n'kutsata phokoso la nyundo za osula zidebe ndi mbaula, umafika pomwe fungo la makala limatha n'kuyamba la oyilo wakale. Galaja yomwe ndinalowa ilibe denga. Mpanda wake ndi malata adzimbiri, dothi lake n'lakuda bii chifukwa chomwa oyilo zaka zambirimbiri, ndipo umayenda mokhotakhota kulambalala magiyabokosi, masipuling'i ndi zitseko za minibasi zoyedzamira mpanda. Kumanzere kuli wowotcherera zitsulo, kumanja kuli kontena momwe amatsekera masipanala usiku.

Kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo wa mango, panali Toyota Land Cruiser FJ45 yotumbuluka penti. Ndi pikapu ya m'gulu lija la 40, lomwe Toyota inayamba kupanga mu 1960 n'kulisiya ku Japan mu 1984. Injini yake ndi 2F, yapetulo, ya malita 4.2, masilinda 6 ondandalika mzere umodzi, yomwe inatuluka mu 1975. Mwini wake, bambo wachikulire amene amatutira chimanga pa galimotoyi, ankadandaula zitatu: kutsogolo kwa injini kukugogoda, fanibeluti ikudyeka mbali imodzi, ndipo m'mawa uliwonse amapeza oyilo pansi.

Lediyeta ndi fani zinali zitachotsedwa kale. Mmisiri wamkulu anandikodola kuti ndisuzumire pule yapansi, imene imakhala kumphuno kwa crankshaft n'kumazunguza pampu ya madzi ndi olotaneta. Ambiri pano amangoti pule, koma m'mabuku a amakaniko imatchedwa harmonic balancer. Ndi zitsulo ziwiri, chapakati chogwira shafiti ndi mkombero wolemera, ndipo pakati pake pali labala. Labala wa iyi anali atang'alukang'aluka, pena atafufuma ndi oyilo n'kutuluka panja.

Ntchito ya labalayu ndi imene inandiimika pamenepo nthawi yaitali. Pa injini ya masilinda 6, petulo amaphulika katatu pa kuzungulira kumodzi, motsata ndondomeko ya 1-5-3-6-2-4. Kuphulika kulikonse kumapotokola shafiti pang'ono, monga momwe mayi amafinyira chitenje chonyowa, kenako shafitiyo imabwerera. Maso sangaone zimenezi. Koma shafiti ya 2F ndi yaitali, yogona pa mabeyaling'i akuluakulu anayi okha, ndipo pa liwiro lina kupotokolako kumagwirizana ndi kubwerera kwa chitsulo n'kumakulirakulira. Mkombero wolemera uja umatsalira m'mbuyo pang'ono, labala n'kumwa kunjenjemerako, kukusandutsa kutentha. Labala akafa palibenso chomwa, ndipo mapeto ake shafiti itha kuthyoka.

Mwini galimoto anayesa njira yachidule. "Amisiri, bwanji tingowotcherera zitsulo ziwirizi zigwirane? Wowotcherera ndi uyu ali apayu."

"Madala, lero muyenda, inde," anayankha mmisiri uja akupukuta manja. "Koma tsiku lina mudzabwera mukukokedwa, kudzafuna injini yonse."

Ndikugwirizana ndi mmisiriyo kwathunthu. Pule yowotcherera imazunguza beluti bwinobwino, ndiye munthu amaganiza kuti wapulumutsa ndalama, chonsecho wachotsa chinthu chokhacho chomwe chimateteza chitsulo chodula kwambiri m'injinimo. Chikhalirecho pule ya galimoto yotere siipezeka wamba. Yatsopano anachita kuitanitsa kunja, n'kudikira.

Nati yogwira puleyo ndi ya mamilimita 46, ndipo inali itakakamira. Anaika galimoto m'giya yapamwamba, kukoka handibuleki, kutsamiritsa matayala ndi miyala, kenako n'kusomeka paipi yaitali ku chogwirira cha soketi. Anyamata awiri anakankha mpaka inalira kuti khwa! Ena amatsamiritsa chogwiriracho pa chasisi n'kugunda sitata kuti injini imasule yokha, koma pano mmisiri salola, akuti soketi ikapulumuka imathyola mkono.

Kamnyamata kophunzira ntchito kanabwera ndi nyundo ndi chitsulo chochotsera matayala. "Iwe, bweza zimenezo. Katenge pula m'kontena," anatero mmisiri. Pula yake ndi yamabawuti olowa m'mabowo a chitsulo chapakati, ndipo bawuti wamkulu amakankha mphuno ya shafiti. Ija yazikhadabo, yokoka m'mphepete, imazula mkombero pa labala. Pule inatuluka pang'onopang'ono, ikulira.

Apa mmisiri anachedwapo. Anayendetsa chala pakhosi pa pule yakale n'kundionetsa mzere wokumbika, pomwe oyilo silu wakhala akukhula zaka zonsezi. Oyilo wa m'mawa uja ankadutsira pamenepo. Anazula silu wakale pa chivindikiro cha matayiming'i giya, poti 2F ilibe tcheni kapena beluti ya tayiming'i, ndi magiya okhaokha. Kenako anatulutsa kakiyi kachitsulo komwe kamaletsa pule kuterereka pa shafiti, nakayang'ana padzuwa. Ngalande yake ikakula chifukwa choyenda ndi nati yolefuka, ntchito imasanduka ina, yofuna kutsitsa injini. Ya iyi inali yabwino, ndipo madala aja anapuma.

Kubwezera kunatha msanga. Silu watsopano anamupaka oyilo pamlomo, pule anailunjikitsa pa kakiyi, ndipo anaikoka ndi nati yomwe, osamenya. Nyundo imatumiza mphamvu yonse ku beyaling'i yomwe imaletsa shafiti kusuntha kutsogolo ndi m'mbuyo. Pomanga anabwereka torque wrench ku galaja yoyandikana nayo. Ndinafunsa za zizindikiro za tayiming'i, poti pa injini zambiri zimakhala pa puleyo ndipo mkombero ukaterereka zimanama. Pa 2F zili kumbuyo, pa flywheel, umazionera pakawindo, choncho vuto limenelo panalibe.

Atabwezera lediyeta, fani ndi beluti, anathira madzi n'kuliza injini. Kugogoda kuja kunalibe, ndipo m'mphepete mwa pule simunkagwedezeka. Mmisiri anazimitsa, natenga penti woyera n'kujambula kamzere kamodzi kochoka pa chitsulo chapakati, kudutsa pa labala mpaka pamkombero.

"Madala, muzikaonako mukamayang'ana oyilo. Kamzereka kakadzaduka pakati, musadzasenzenso katundu, mudzabwere kuno. Loweruka mudutse tidzakungenso beluti."