Bokosi la ku Joni pa Mwanza

Basi yathu inafera pa Mwanza titangodutsa chipata. Za Harare, Nyamapanda ndi dzuwa la ku Tete ndisakutayitseni nazo nthawi. Kondakitala anati lamba waduka, wina akuchokera ku Blantyre, ndiye tinakhala pamthunzi n'kumasenda manachesi.

Pafupi nafe panaima galimoto yokoka kangolo, nambala yake ya ku Gauteng. Amayi ogulitsa zipatso atangoiona anatsitsa mawu. Munali bokosi. Akuti mnyamata wa ku Neno amene anapita ku Joni kukasaka maganyu. Wayenda chogona makilomita oposa 1,500, zipata zitatu, ndipo paliponse operekeza atulutse chiphaso cha imfa, kalata yokonzera thupi ndi chilolezo chodutsitsa maliro.

Amene anaputa mavu ndi bambo wina wa jekete lachikopa. "Ndalama zonsezi zachiyani? Ku Joni malo otenthera mitembo alipo. Phulusa lake lokwana m'kachitini, mungolowetsa m'chikwama."

Agogo ena amene chichokere ku Beitbridge anali asanayankhule anavula magalasi. "Mwanawe, munthu si zinyalala. Adzukulu akumbire chiyani? Amfumu apereke malo oika chitini? Mayi wake aone nkhope ya yani?" Bambo uja anakapezeka ali kogula madzi.

Komatu otentha maliro sachita mwachipongwe. Ku Varanasi, pa Manikarnika m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, moto suzima usana ndi usiku. Mwana wamwamuna wamkulu amameta mpala, n'kuyatsa yekha mulu wa nkhuni pamene pagona bambo wake, phulusa n'kukalithira m'madzi. Ahindu a ku Blantyre nawonso mwambo wawo ndi wa moto. Kungoti thupi limodzi limadya nkhuni makilogalamu mazana angapo, ndipo mukaona mapiri a Mwanza mmene ayerera, matumba a makala ali ndandanda mpaka pa Zalewa, mudzifunsa kuti ife tikanakazitola kuti.

Ine ndili mbali ya agogo aja. Boma la Mwanza likudziwa kuwawa kwa bokosi losatsegula. Mu Meyi 1983 andale Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anaphedwa ku Thambani, ndipo abale awo analetsedwa kuona nkhope. Mpaka lero anthu akaikamba nkhaniyo sasiya mfundo imeneyo.

Koma wajekete uja sanalakwe zonse. Kuti bokosi lifike kumudzi, mbuzi zimatha m'khola, ena mpaka kupinyolitsa munda, ana amasiye n'kuyamba moyo ndi ngongole ya kangolo.

Lamba anafika dzuwa litapendeka, maliro atapita kale. Inu amene muli ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, lowani m'magulu osonkherana za maliro mukadali ndi mphamvu. Musadikire kuti amalume anu adzayambe kupemphetsa pa WhatsApp.