Dambo Limene Ndinasenza pa Mutu

Kwathu ndi m'boma la Mecanhelas, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Chiuta. Njanji yocokera ku Cuamba imadutsa pa Entre Lagos polowa m'Malawi, ndipo usiku timamva kulira kwa sitima. Kumunsi kwa mudzi wathu kunali dambo lalikulu. Amayi ndiwo anandiphunzitsa za m'dambo limenelo.

Mvula yoyamba ikagwa, ija timati cizimalupsa, maluwa anali kutuluka pa lupsa udzu usanakule. Loyamba linali duwa lofiira, lozungulira ngati mpira, lokhala pa phesi lopanda masamba. Pambuyo pake kunali kubwera maluwa akuluakulu oyera, a mizere yofiirira. Pansi pake pali mutu wonga anyezi wamkulu. Amayi anali kunena kuti, "Mwana wanga, amenewa ngoona ndi maso cabe. Anyezi ameneyu ali ndi ululu, usadzamuike pakamwa."

Pakati pa dzinja kunali kutuluka timaluwa ta cikande, cimene ena amati cinaka. Mvula ikatha tinali kukumba timbatata take. Tikasinja, tinali kuphika ndi nsinjiro ndi cidulo. Mlendo akadya anali kuyesa nyama.

Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ndipo ife tinabwerera kwathu mu 1993. Dambo tinalipeza liri bwino. Koma anthu anacuruka. Mu 1995 nyanja ya Chilwa inauma, ndipo asodzi ambiri anasiya bwato nagwira khasu. Caka ndi caka minda ya mpunga inali kudya dambo. Pamene nyanja inaumanso mu 2018, atsibweni anati cigawo cotsala cigawidwe. Sindiwaimba mlandu. Ana amadya mpunga, sadya maluwa. Inenso ndinalandira ndime yanga, ndipo sindinakane.

Koma mtima unali kundipweteka. Amayi anali atamwalira. Ndinaganiza kuti adzukulu anga sadzaona cimene amayi anandionetsa.

Poyamba ndinalakwitsa. Ndinakumba timbatata ta cikande, ndinatitsuka bwino, ndi kutibzala pa mzere kuseri kwa nyumba. Ndinathira manyowa a mbuzi. Ndinapalira monga timapalirira cimanga. Panamera bonongwe ndi cisoso. Cikande sicinamere ngakhale cimodzi.

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa zaulimi. Ndinamuonetsa mzere wanga uja. Iye anaseka pang'ono, nati, "Amayi, mwasamutsa mwana, koma mwasiya amake." Anafotokoza kuti mbewu za cikande nzazing'ono ngati fumbi, ndipo ziribe cakudya m'kati mwake. Kuti zimere, zimadalira mtundu wina wa bowa waung'ono wosaoneka ndi maso, umene umakhala m'dothi la kudambo. Ine potsuka paja ndinataya dothi lomwelo.

Anandikumbutsanso cinthu cimene ndinali kuciona koma osacilabadira. Pansi pa cikande pamakhala timbatata tiwiri. Kena nkakale, kofota. Kena nkatsopano, kolimba, ndipo ndi kamene kadzamere caka camawa. Ife timatenga katsopanoko, ndiye kuti mbewuyo yatha. Anati ku Zambia cikande cimagulitsidwa kwambiri m'misika, kotero kuti amalonda amakatenga timbatata ku Tanzania ndi ku maiko ena oyandikana nawo. Anati ku Tanzania komweko, mu 2005, boma linapatula malo ochedwa Kitulo kuti maluwa a m'thengo asathe.

Ine ndiribe boma. Ndiri ndi khasu, dengu ndi khosi.

Mwezi wa Janeiro, maluwa ali poyera, ndinayenda m'cigawo cimene cinali cisanalimidwe. Paliponse pamene ndinaona duwa ndinazika kamtengo. Cirimwe conse ndinadikira, cifukwa dothi la kudambo likauma limalimba ngati mwala. Mvula yoyamba itagwa mu Novembro, amuna asanayambe kutipula, ndinatsika ndi khasu.

Ulendo uno sindinakumbe mbatata. Ndinadula cibuma conse, dothi ndi udzu wake ndi mizu yake. Ndinali kudula mozungulira kamtengo kaja, mbali zonse zinai, ndi kulowetsa khasu pansi mpaka mpini. Cibuma cimodzi cinali kudzaza dengu. Kulemera kwake ngati ndowa yodzaza madzi. Ndinasenza zibuma 40, cimodzicimodzi, masiku khumi ndi awiri.

Malo ndinasankha pa ngodya ya munda wanga, pamene madzi amaima nthawi ya dzinja. Cimanga sicinali kucita bwino pamenepo, cinali kungofiira masamba. Ndinayeza mapazi 15 m'litali ndi mapazi 10 m'lifupi. Ndinakumba maenje, ndi kuika cibuma ciriconse kuti cilingane ndi nthaka, osakwera, osamira. Ndinapondaponda m'mbali ndi cidendene, kenaka ndinathira madzi.

Amayi anzanga popita ku citsime anali kuima. "Kodi anzathu, mwayamba kubzala udzu? Wacepa m'thengomu?" Bambo a ana anga sanaseke. Iwo anangofunsa kuti, "Amayi, kodi maluwawa tidzadyera nsima?" Ndinayankha kuti, "Abambo, ngodya imeneyi sinatipatsepo ngakhale dengu limodzi la cimanga. Ndibwerekeni." Anakhala cete, ndipo ine ndinati avomera.

Kusamala malo otere nkosiyana ndi kusamala munda. Nchito yaikulu ndiyo kuletsa dzanja lako. Khasu sililowamo. Manyowa salowamo, cifukwa manyowa amanenepetsa udzu wautali monga tsekera ndi nsenjere, ndipo udzuwo umaphimba timaluwa. Maluwa a kudambo anazolowera nthaka yosauka. Nansongole yekha ndiye ndimamuzula ndi manja dothi liri lonyowa, pamodzi ndi mizu yake yoyera ija. Ukasiya kacidutswa ka muzu, amameranso.

Udzu sindimweta msanga. Ndimadikira mpaka Junho kapena Julho, maluwa atauma ndipo mbewu zitakhwima. Ndikamweta ndimausiya pomwepo masiku atatu kuti mbewu ziyoyokere pansi. Pambuyo pake ndimaucotsa wonse. Ukaola pomwepo umasanduka manyowa omwe aja. Udzuwo sutayika. Khola la nkhuku ndi denga la nkhokwe tinafolera ndi udzu wa pa ngodya imeneyi, ndipo kuyambira pamenepo abambo anacepetsa mafunso.

Mbuzi zinandivuta caka coyamba. Zinadya msipu pamodzi ndi mphukira za maluwa. Ndinachinga ndi minga.

Moto ndiwo unandiliza. Ndinali nditalambula m'mbali monse, koma tsiku lina mu Outubro anyamata osaka mbewa anayatsa thengo masana, mphepo ikuomba. Moto unalumpha polambula paja. Minga yonse inapsa. Mng'oma wa njuci umene tinapacika pa mtengo wapafupi unapsanso. Ndinakhala pansi pa phulusa, ndipo nsima sindinadye tsiku limenelo.

Mvula itagwa, ndinapita kukaona. Pa phulusa lakuda panali maluwa ofiira aja asanu ndi limodzi. Mitu yake inali pansi, moto unangodutsa pamwamba. Ndinakumbuka kuti ku dambo la amayi nakonso kunali kupsa. Komabe moto wa mu Outubro ngwaukali, umasiya nthaka yambee pa dzuwa. Tsopano ndimamweta udzu moto usanafike, ndipo polambula ndinakulitsa.

Mu Março 2023 kunagwa mvula ya namondwe Freddy. Madzi anakokolola mizere ya m'munda mwanga, koma pa ngodya ija dothi silinacoke. Mizu ya udzu inali italukana, ndipo malire a zibuma sanali kuonekanso.

Ndisaname. Si zonse zinapulumuka. Maluwa a anyezi aja anagwira bwino, ndipo akucurukana. Cikande ncovuta. Pa zibuma zonse zija, cinatuluka pa zisanu ndi ziwiri zokha. Cikadakhala bwino kwambiri kukhala m'dambo mwake momwe. Mpaka lero sindinakumbepo kambatata ngakhale kamodzi. Mdzukulu wanga amafunsa kuti, "Agogo, nanga nyama ya pansi ija tidzalawa liti?" Ndimamuuza kuti tiyembekeze timaluwa tifike makumi atatu. Iye ndiye amawerenga. Dzinja lapita anapeza khumi ndi kamodzi.

Pafupi ndi njanji patsala kadambo kena kakang'ono. Ndamva kuti mwini wake akalima caka cino. Ndinapita kukamupempha, ndipo anandilola kuzika timitengo. Ndazika 23. Khosi langa silingathenso kusenza monga kale. Dzulo abambo anatulutsa njinga yao, nayamba kumanga thabwa pa kaliyala.