Buku la m'Kabati

M'boma la Dedza munali mayi wina amene anakula osadziwa kuwerenga. Atabereka kale ana anayi analowa sukulu ya kwacha, ndipo chaka chisanathe anakhoza kulemba dzina lake ndi kuwerenga kalata payekha. Tsono mtima wake unakhumba kuona buku limene mwana wake wamkazi wa Sitandade 3 analikuphunzira.

Koma mwanayo sanali kubwera nalo. Madzulo onse ankatulutsa kope lokha, lodzaza ndi mawu okopera pa bolodi, ena olakwika, ena osatha. Atamfunsa, iye anati, "Amayi, mabuku amakhala m'kabati ya ahedi. Timawagwira m'kalasi mokha, ana asanu buku limodzi."

Mayiyo anazengereza masabata awiri. Munthu wodziwa kuwerenga atakula amachita manyazi pamaso pa mphunzitsi, nayesa kuti za sukulu n'za ophunzira okha. Sizili tero ayi. Mabuku amenewa amakonzedwa ku Domasi, ku Malawi Institute of Education, ndipo boma limawatumiza chifukwa cha ana. Si chuma cha mphunzitsi. Lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale. Nanga kholo louzidwa kupereka mwana wake lingaletsedwe bwanji kuona zimene mwanayo akuphunzitsidwa? Liliponso lamulo la 2017, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, lopatsa nzika ufulu wofunsa ndi kudziwa zosungidwa m'maofesi a boma.

Pomalizira pake analimba mtima, napita kusukulu m'mawa wa Lachisanu. Atalonjerana ndi mphunzitsi wamkulu anati, "Pepani aphunzitsi, ndabwera kudzabwereka buku la Chichewa la mwana wanga, kuti ndione zimene zili m'menemo."

Mphunzitsiyo sanali munthu woipa, ndipo mantha ake anali ndi chifukwa. Pamene boma linachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo masukulu ambiri akhala akuperewera mabuku. Iye anati, "Mayi, tinayesapo kubwereketsa. Ena anabwera atanyowa ndi mvula, ena atadyedwa ndi chiswe, ndipo ena anang'ambidwa kupichirira fodya. Akatha, ndiphunzitsa ndi chiyani?"

"Mwanena zoona," anayankha mayiyo, "koma buku lotsekeredwa silikuphunzitsanso munthu. Lembani dzina langa. Likapanda kubwera Lolemba, mudzandifunse ine."

Mphunzitsi anatulutsa kope ndi inki yodindira chala. Mayiyo anapempha cholembera, nalemba dzina lake pang'onopang'ono, chilembo chilichonse poyera.

Atafika kunyumba anakuta bukulo ndi pepala la pulasitiki la shuga. Usiku anayatsa tochi, nauza mwana kuti awerenge tsamba loyamba. Mwana anawerenga mothamanga ngati madzi otsika phiri, ndipo mayi anakondwa. Koma pambuyo pake anaphimba chithunzi ndi dzanja, naloza liwu limodzi pakati pa tsamba. Mwana anangoti chete. Analoza lina, chete ndithu. Pamenepo anazindikira kuti mwana wake sanali kuwerenga konse, koma analoweza pamtima zimene anzake ankabwereza mokweza m'kalasi. Zaka zitatu zinapita motero popanda wodziwa.

Sanamkalipire. Anati, "Sendera kuno, mwana wanga," nayamba naye monga momwe anamuyambira iye ku sukulu ya kwacha: ba, be, bi, bo, bu, chala chili pansi pa chilembo.

Lolemba anabweza bukulo lili bwino. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi anaimirira nafotokoza zimene anaona. Ena anang'ung'udza kuti buku likatayika adzalipira ndani, ndipo nkhaniyo sinathe tsiku limenelo. Koma Lachisanu lotsatira m'kope la mphunzitsi wamkulu munali mayina asanu ndi awiri, atatu mwa iwo odinda chala.