Za Kutsuka Galimoto Pakhomo

Anthu ambiri, poona munthu wamkulu ali chowerama pambali pa galimoto ya mwini, ndowa ili kumapazi ndi nsanza ili m'manja, amayesa kuti ntchitoyi angaigwire aliyense amene Mulungu anampatsa manja awiri. Koma ine, amene ndadyera ntchito imeneyi nsima zaka zambiri kuno ku Chiparamba, ndinena mosapsatira kuti magalimoto ochuluka a utoto wothima amene muwaona m'misewu ya Chipata sanaonongeke ndi dzuwa lokha ayi, koma ndi manja a iwo omwe anali kuwatsuka.

Pakuti fumbi la kwathu, lingakhale lioneka losalala m'maso, ndilo timiyala tating'onoting'ono takuthwa. Ndipo kuyambira mwezi wa May kufikira October, pamene ogula chimanga, thonje, fodya ndi nsawa ayendayenda m'misewu yathu yadothi, kapena mu August pamene anthu abwerera kuchokera ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, galimoto imafika pakhomo itavala fumbi kuyambira kudenga kufikira kumatayala. Tsono pamwamba pa utoto pali kachikuto koonekera, kopyapyala kuposa pepala la m'buku, ndipo kameneko ndiko kawalitsa galimoto. Iye amene atenga nsanza youma napukuta fumbi limenelo satsuka, koma apala. Ndipo dzuwa likadzaomba pa boneti, timizere tozungulira timene anasiyapo tidzamchitira umboni masiku onse, popeza sopo satichotsa.

Nchifukwa chake ine sindikhudza galimoto ndi nsanza madzi asanayambe kuikhudza. Ndiyamba m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndiika chikhatho pa boneti, ndipo chitsulo chikakhala chotentha ndidikira, chifukwa sopo wouma pa chitsulo chamoto asiya mawanga. Mthunzi wa mtengo wa mango ndi wabwino potsukira, ngakhale suli wabwino pogoneka galimoto, popeza utomoni ndi zitosi za mbalame zimadya utoto zikakhalitsa. Pamenepo nditunga madzi ndi kachitini, ndiwathira padenga pang'onopang'ono kuti atsike okha ndi fumbi lawo, ndipo ndibwereza kufikira madzi otsikawo atasiya kufiira.

Ndowa ndikhala nazo ziwiri, za malita 20 iliyonse: ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera. Mnyamata amene ndimphunzitsa ntchitoyi anandifunsa tsiku lina kuti, "Amalume, tivutikiranji kusenza ndowa ziwiri kuchokera kumjigo, pamene imodzi ikwanira?" Sindinamyankhe ndi pakamwa, koma titatha ntchito ndinakhuthula ndowa yotsukuluzira ija pang'onopang'ono, ndi kumuuza kuti apise chala pansi pake, ndipo anavuula chala chili mchenga wokhawokha. Mchenga wonsewo ukadabwerera pa utoto tikadakhala ndi ndowa imodzi, pakuti nsanza ikachoka pagalimoto iyenera kuyamba yalowa m'madzi oyera ndi kufinyidwa, isanabwerere ku sopo. Sopo wake akhale wa magalimoto, amene apezeka m'masitolo a m'tauni. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi uja wotsukira mbale achita thovu lokondweretsa mwini galimoto, koma asukulutsa polishi ndi kuumitsa mphira wa m'mbali mwa magalasi.

Dongosolo lake ndi lochokera kumwamba kutsikira pansi: denga, magalasi, boneti ndi buti, zitseko, ndipo potsiriza m'munsi mwa zitseko m'mene mukhala dothi lambiri. Dzanja liyende molunjika, losazungulira ndi losakanikiza, ndipo chigawo chilichonse chitsukuluzidwe sopo asanaume. Nsanza ikagwa pansi, ntchito yake yatha kufikira itachapidwa.

Koma pamene wotsuka weniweni adziwika ndi kunsi, kumene mwini galimoto sayang'anako. Walira mvula walira matope. Ndipo mu February, pamene khamu la anthu lipita ku Nc'wala ku Mtenguleni kukaona Nkosi ya Makosi Mpezeni ikulawa zakumunda zoyamba, magalimoto amabwerako matope atamatirira m'kati mwa madigadi ndi m'ngodya zonse za chitsulo cha pansi. Matope amenewo auma kunja kokha, m'kati asunga chinyezi, ndipo chinyezi chibala dzimbiri limene lidya chitsulo mwakachetechete, kufikira tsiku limene wowotcherera adzatchula mtengo wodzidzimutsa. Galimoto yonyezimira pamwamba koma yosenza matope kunsi ndiyo chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Motero ndigwada, ndinyowetsa matopewo kuti afewe, ndiwagumula ndi kamtengo kokulunga nsanza ndi burashi. Ndipo burashi imeneyo, pamodzi ndi nsanza ya matayala, sizifika konse pa utoto, chifukwa fumbi lakuda la mabuleki lili ndi tizitsulo. Pa injini sindikhuthulira madzi, angakhale mwini atandipempha, popeza magalimoto a masiku ano adzala ndi mawaya ndi tizipangizo ta magetsi.

Kupukuta ndiko kumene ambiri akutaya, poyesa kuti dzuwa lidzawagwirira ntchito. Madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zathu ali ndi mchere wa m'nthaka, ndipo dontho lililonse louma lokha lisiya kampheta koyera, makamaka pa galimoto yakuda. Ndipukuta ndi chikopa chofewa kapena nsalu yaubweya yomwa madzi, ndi kutsegula zitseko zonse kuti ndiumitse m'mphepete mwake. Alipo eni ake ena amene afika injini ili chilirire, nati, "Achimwene, ingoipatsani madzi msanga, ndili paulendo wa ku Mwami." Kwa otere ndimati, "Bwana, fulumira anadya gaga. Ndikupukutireni magalasi ndi nyali zokha kuti muone njira, thupi lake tidzalisambitsa mukabwerako." Ena amakwiya napita kwina, ndipo sindiwaletsa. Polishi sindipaka tsiku lililonse. Ndiyang'ana madzi pa boneti, akaleka kuundana m'timadontho nayamba kuyala, ndidziwa kuti nthawi yake yakwana.

Kudambo ndi kumtsinje sinditsukirako galimoto, ngakhale madzi ali aulere ndi osasenza, pakuti kumeneko amayi achapa ndi kutunga, ng'ombe zimwa, ndi madimba athiriridwa, ndipo mafuta a galimoto sayenera kulowa m'madzi otere. Madzi anga otsala ndiwawaza pabwalo kuti agonetse fumbi. Ndikatero nditulutsa mphasa zopondapo za m'kati, ndizikung'untha kutali ndi galimoto, ndisesa makoko a nsawa ndi zitsononkho za chimanga pansi pa mipando. Ndipo ndalama zachitsulo, makiyi ndi timapepala ta malisiti zimene ndipeza m'menemo ndiziika pamodzi pa mpando wa dalaivala, kuti mwini aziwerenge yekha asanandilipire.